Tizilombo Tosamva Mankhwala mu Nyama Imene Timadya

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE)

ACHIMWENE: Moni kwa abale athu a ku Leeds ndi ku Bradford, a ku Manchester, Liverpool, Sheffield ndi Hull, mpaka kumtunda ku Middlesbrough ndi Newcastle. Moninso kwa inu amene mukutimvera muli kumudzi kudzera pa intaneti. Yakwana nthawi ya zaumoyo.

ACHEMWALI: Omvera athu, lero tikamba za ndiwo imene tonse timaikonda, nyama. Nyama yaiwisi, kaya ya nkhuku, ng'ombe, nkhosa kapena nkhumba, imatha kubwera m'nyumba mwathu itanyamula tizilombo toyambitsa matenda, ndipo tina mwa tizilomboti sitimvanso mankhwala amene madokotala amadalira. Tifotokoza kumene timachokera, njira imene timadutsa kuti tifike pa mbale, ndi zimene ife tingachite.

ACHIMWENE: Tiyambe ndi kutitchula mayina. Ndi tizilombo tanji timeneti?

ACHEMWALI: Ndi mabakiteriya, ndipo odziwika kwambiri alipo atatu. Woyamba ndi Campylobacter, amene amakonda kukhala m'matumbo a nkhuku. Muno mu United Kingdom ndiye bakiteriya amene amadwalitsa anthu ambiri kudzera m'zakudya. Wachiwiri ndi Salmonella, wachitatu ndi E. coli. Onsewa kwawo ndi m'matumbo a ziweto, ndipo nthawi zambiri chiweto chimene chawanyamula chimaoneka chathanzi, chikudya ndi kuyenda bwinobwino. Munthu akawameza amatsegula m'mimba, nthawi zina kwa magazi, m'mimba mumapota, thupi limatentha, ena amasanza. Campylobacter amayamba kuvuta pakadutsa masiku awiri mpaka asanu, n'chifukwa chake ambiri amanamizira chakudya cha dzulo pomwe vuto linalowa pa nkhuku ya Lamulungu.

ACHIMWENE: Ambiri amachira okha pakatha sabata, bola azimwa madzi ambiri. Koma kwa khanda, nkhalamba, mayi woyembekezera, munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV kapena amene akulandira mankhwala a khansa, tizilomboti timatha kuchoka m'matumbo n'kulowa m'magazi. Pamenepo moyo umadalira maantibayotiki. Ndiye taganizirani dokotala wapereka mankhwala oyamba, osagwira, wasintha achiwiri, osagwiranso, wodwala akungofookerabe. Kusamva mankhwala kumene tikunena n'kumeneko.

ACHEMWALI: Funso limene ambiri amafunsa ndi lakuti, kachilombo kamayamba bwanji kusamva mankhwala? Mukapereka maantibayotiki kwa gulu la nkhuku kapena ana a ng'ombe, tizilombo tofooka timafa. Pamatsala towerengeka tolimba, ndipo popeza anzake afa, totsalato timapeza malo ndi chakudya, n'kuswana mofulumira. Zili ngati dimba limene mwapalira udzu wonse koma mizu ya kapinga yatsala pansi. Mvula ikagwa, dimba lonse ndi kapinga yekhayekha. Choopsa china n'chakuti mabakiteriya amapatsirana chibadwa chokana mankhwalacho, ngakhale akhale a mitundu yosiyana. E. coli wa m'matumbo a nkhuku akhoza kupatsira mphamvu imeneyo bakiteriya wina m'matumbo a munthu, munthuyo osadwala tsiku limenelo. Pakapita miyezi adwala matenda a m'chikhodzodzo, mankhwala wamba n'kulephera.

ACHIMWENE: Ndipo nkhani imeneyi ili ndi mbiri yake konkuno kumpoto kwa England. M'zaka za m'ma 1950, alimi ku America ndi kuno anayamba kusakaniza maantibayotiki pang'onopang'ono m'zakudya za ziweto, poona kuti zikunenepa msanga. M'zaka za m'ma 1960, katswiri wina wobadwira ku Newcastle, Dr E. S. Anderson, amene ankagwira ntchito ku labotale ya boma ku Colindale mu London, anaona kuti Salmonella wa ana a ng'ombe wayamba kukana mankhwala angapo nthawi imodzi, ndipo kachilombo komweko kakupezekanso mwa anthu. Anachenjeza boma mosabisa mawu.

ACHEMWALI: Kenako chakumapeto kwa 1967 kunagwa zovuta ku Middlesbrough. Makanda m'zipatala za kumeneko anadwala matenda otsegula m'mimba oyambitsidwa ndi E. coli wokana mankhwala osiyanasiyana, ndipo makanda oposa khumi anamwalira. Panalibe umboni wakuti kachilomboko kanachokera ku mafamu, koma imfa za anawo zinatsegula anthu maso. Anaona okha tanthauzo la mankhwala olephera, ndipo anayamba kufunsa chifukwa chake mankhwala opulumutsa ana akuthiridwa m'zakudya za nkhumba ndi nkhuku.

ACHIMWENE: Boma linakhazikitsa komiti mu 1968, yotsogozedwa ndi Professor Michael Swann. Lipoti lake linatuluka mu November 1969, ndipo linati mankhwala ochizira anthu monga penicillin ndi tetracycline asamagwiritsidwe ntchito ponenepetsa ziweto. Komabe vuto silinathere pomwepo. M'zaka za m'ma 1990, mtundu wina wa Salmonella wotchedwa DT104, wokana mankhwala asanu, unafala m'makola a ng'ombe ndi mwa anthu m'dziko muno. Zinatenga mpaka 1 January 2006 kuti mayiko a European Union, pamene Britain inali idakali membala, aletseretu maantibayotiki onse onenepetsera ziweto.

(NYIMBO PANG'ONO)

ACHEMWALI: Tsopano tilowe kumalo ophera ziweto, chifukwa ndi kumene tizilombo timachoka m'matumbo n'kukwera pa nyama. Mnofu wa chiweto chathanzi m'kati mwake umakhala woyera. Chimene chimauipitsa ndi ndowe. Titenge nkhuku. M'mafakitale akuluakulu nkhuku zimaphedwa zikwizikwi pa ola limodzi, zitakolekedwa miyendo pa chingwe choyenda. Zimaviikidwa m'madzi otentha kuti nthenga zifewe, nkhuku zambirimbiri m'madzi amodzi omwewo. Kenako makina a timphira amakwapula nthenga, ndipo pofinya thupi la nkhukuyo zitosi zimatha kutuluka n'kumatirira pakhungu. Makina ena amachotsa zam'mimba, ndipo thumbo likang'ambika, zonse zam'katimo zimagwera pa nyama. Gulu limodzi lokhala ndi tizilombo limatha kusiyira magulu amene akubwera pambuyo pake.

ACHIMWENE: Kwa ng'ombe ndi nkhosa, malo ovuta ndi posenda chikopa ndi potumbula. Chikopa chamatope ndi ndowe chikakhudza mnofu, kapena mpeni ukaboola thumbo, tizilombo tafika. N'chifukwa chake bungwe loona zaukhondo wa zakudya la Food Standards Agency, limene lili ndi ofesi ku York, limaika avetenale ndi oyeza nyama m'malo onse ovomerezeka ophera ziweto muno mu England. Amaona chiweto chisanaphedwe, amakana chimene chadetsedwa kwambiri, amayeza nyama ndi ziwalo zam'kati, kenako amadinda chidindo chokhala ndi nambala ya malowo. Ntchito yawo ndi yofunika kwambiri, koma bakiteriya saoneka ndi maso, sanunkha, sasintha mtundu wa nyama. Chidindo chimatiuza kuti nyama yadutsa m'manja oyenera. Kuphika kumatsalira ife.

ACHEMWALI: Manambala akutsimikiza zimenezi. M'chaka cha 2014 mpaka 2015, bungwe lomweli linagula nkhuku zaziwisi m'masitolo a m'dziko muno n'kuziyeza. Pa nkhuku 100 zilizonse, 73 zinali ndi Campylobacter. Masitolo akuluakulu ndi alimi anachitapo kanthu, ndipo nkhuku zodzadza kwambiri ndi tizilomboti zinachepa m'zaka zotsatira. Koma kafukufuku wobwerezabwereza wakhala akupeza kuti pafupifupi theka la Campylobacter wa pa nkhuku samva ciprofloxacin, mankhwala amene kale dokotala ankangolemba mosakayika kwa munthu wotsegula m'mimba kwambiri.

ACHIMWENE: Pali nkhani yabwinonso achemwali, ndipo tiyenera kuinena. Alimi a nkhuku m'dziko muno anasiya mwa okha kupereka mankhwala ena ofunika kwambiri kwa anthu, gulu la cephalosporin lamphamvu mu 2012 ndi colistin mu 2016. Malipoti a boma akusonyeza kuti kuyambira 2014 kufika 2022, maantibayotiki ogulitsidwa chifukwa cha ziweto zodyedwa anatsika ndi 59 pa 100 alionse. Zotsatira zake zinaonekera pa nyama. E. coli wokana mankhwala a gulu la cephalosporin aja ankapezeka pa nkhuku pafupifupi 45 mwa 100 mu 2016, koma pofika 2018 anatsika kufika pa nkhuku pafupifupi 14. Ndipo kuyambira May 2024, lamulo likuletsa kupereka maantibayotiki kwa ziweto mwachizolowezi kapena pofuna kubisa uve wa m'khola. Phunziro lake ndi lakuti mankhwala akachepa m'khola, tizilombo tosamva mankhwala timachepanso pa nyama.

(NYIMBO PANG'ONO)

ACHEMWALI: Tabwera kukhitchini tsopano, ndipo ndikudziwa kuti apa amayi anzanga ambiri anditsutsa. Tonse tinakula tikutsuka nkhuku. Kumudzi zinali zomveka: mwapha nokha, mwasosola, mwawaula pamoto, mwatumbula, ndiye mukutsuka magazi ndi phulusa, kuseri kwa nyumba, madzi n'kutayira kudzala. Koma kuno nkhuku imabwera yososola kale, ndipo khitchini zathu n'zazing'ono. Pafupi ndi sinki pali mbale zochapa kale, botolo la mwana, makapu, ndi tomato amene mwadulira saladi. Mukatsegula mpope pa nkhuku yaiwisi, timadontho timathovokera mbali zonse, mtunda woposa masentimita 50. Timagwera pa mbale zija, pa malaya anu, pa nsalu yopukutira manja. Nkhukuyo mukaiphika tizilombo tonse tifa, koma saladi uja sapita pamoto.

ACHIMWENE: Ena ati, ine ndimatsuka ndi mandimu kapena viniga ndi mchere.

ACHEMWALI: Mandimu amachotsa fungo ndipo amakometsa, koma sapha tizilomboti mokwanira. Ngakhale kuika nyama mu filiza sikutimaliza. N'chifukwa chake a Food Standards Agency akhala akulangiza kuti nkhuku yaiwisi isatsukidwe. Ngati pali nthenga yotsalira, mafuta kapena magazi oundana, chotsani ndi mpeni kapena pepala lopukutira, pepalalo mutaye mu bini, kenako sambani m'manja ndi sopo ndi madzi ofunda. Thabwa lodulirapo nyama likhale lakelake, losiyana ndi la masamba. Ngati muli ndi limodzi lokha, yambani kudula masamba, nyama ibwere pomaliza, ndipo thabwa ndi mpeni zichapidwe ndi madzi otentha a sopo. Mu firiji, nyama yaiwisi ikhale pansi penipeni, m'chotengera chovindikira, kuti madzi ake asadonthere pa zakudya zakupsa. Firijiyo izizizira madigiri 5 kapena kutsikirapo.

ACHIMWENE: Mfundo imene ndikufuna aliyense aigwire ndi iyi: kachilombo kakhoza kukana mankhwala asanu, koma moto sikangaukane. Kutentha kwa madigiri 70 kwa mphindi ziwiri pakati penipeni pa nyama kumapha tizilomboti, tomva mankhwala ndi tosamva tomwe. Apa kaphikidwe kathu kamatiteteza. Nkhuku yolimba ija timagula m'mashopu a zakudya za ku Africa, mang'ina, nthumbwana, nyama ya mbuzi, zonsezi timaziwiritsa mpaka zifewe, ndiye palibe chotsala. Pamene timapunthwa ndi pa kanyenya. Dzuwa likawala mu July, tasonkhana kukondwerera ufulu wa dziko lathu la Malawi, makala akulilima, anthu ali pamzere ndi mbale, wowotcha amafulumira. Ntchafu ya nkhuku imada kunja koma pafupa pali pofiira. Mbale imene inabweretsa nyama yaiwisi ndi yomweyo ikunyamula yakupsa, ndipo chopanira chake ndi chimodzi.

ACHEMWALI: Njira yake ndi yapafupi. Nkhuku iyambe yapsa mu uvuni kapena mumphika, pa makala ingopita kukatenga kafungo ka utsi. Musanagawe, chekani pamene pali mnofu wochindikala. Pakhale potentha, pasakhale pofiira, ndipo madzi otuluka akhale oyera. Nyama yogaya, masoseji ndi mabega zipse mpaka m'kati, chifukwa pogaya tizilombo ta pamwamba timasakanikirana ndi nyama yonse. Chiwindi cha nkhuku nachonso chipse mpaka pakati, poti Campylobacter amalowa m'kati mwake.

ACHIMWENE: Tikambeponso za kogula. Pakakhala ukwati, chinkhoswe kapena maliro, pamamveka kuti pali wina amene angapeze mbuzi kapena nkhosa yathunthu motchipa, yophedwa kuseri kwa famu, kapena yowaula ndi chikopa chomwe. Abale, kugulitsa nyama imene sinaphedwere pamalo ovomerezeka ndi mlandu m'dziko muno, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Nyama imeneyo palibe wavetenale amene waiona. Simudziwa ngati chiwetocho chinali kudwala, kapena chinabayidwa jakisoni dzana. Gulani kwa bucha wolembetsedwa ku khonsolo. Mashopu a zakudya amayenderedwa n'kupatsidwa nambala ya ukhondo kuyambira 0 mpaka 5. Ambiri amamata chikwangwani chobiriwira pakhomo, ndipo ngati palibe, nambalayo imapezeka pa intaneti. Funsani kumene nyama yachokera, musachite manyazi. Safunsa anadya phula. Komanso pobwera kuchokera kumudzi, nyama ya mtundu ulionse, ngakhale yofutsa, simuloledwa kulowa nayo muno.

ACHEMWALI: Nanga wina akadwala? Chachikulu ndi kumwa madzi pafupipafupi, ndipo kwa ana ndi okalamba, madzi a mchere ndi shuga ogula ku famase, amene kwathu timati thanzi. Imbani 111 kapena onanani ndi dokotala wanu ngati mukuona magazi m'chimbudzi, ngati kutsegula m'mimba kwapitirira sabata, ngati madzi sakukhazikika m'mimba, kapena ngati mwana wafooka ndipo sakukodza. Ambiri a ife timagwira ntchito yosamalira okalamba, m'zipatala ndi m'malo okonza zakudya. Musabwerere kuntchito mpaka patadutsa maola 48 chisiyireni kutsegula m'mimba kapena kusanza. Ndikudziwa kuti shifiti ikaphonyeka ndalama imachepa, lendi ikudikira, kumudzi akudikira. Koma agogo amene mukuwadyetsa ndi kuwasambitsa aja alibe mphamvu yolimbana ndi kachilombo kamene inu mwapirira.

ACHIMWENE: Ndipo chonde, makapisozi amene munabwera nawo m'chikwama kuchokera kumudzi, kapena otsala a mnzanu, musamwe chifukwa m'mimba mwavuta. Kutsegula m'mimba kochuluka sikufuna maantibayotiki. Mukamwa mwachisawawa, mukuchita m'matumbo mwanu zomwe zija tanena za m'khola: mukupha tofooka, mukulera tolimba. Dokotala akakana kukulemberani, sikuti wakuderani. Nthawi zambiri amafuna ayeze kaye chimbudzi kuti adziwe kachilombo ndi mankhwala amene angakagwire.

(NYIMBO PANG'ONO)

ACHEMWALI: Tisanatseke, tiyang'ane kwathu, chifukwa mizinda ya kuno ndi Malawi n'zolumikizana pa nkhani imeneyi. Ku Blantyre, pa chipatala cha Queen Elizabeth Central, pali bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome, limene linayamba mu 1995 mogwirizana ndi University of Liverpool ndi Liverpool School of Tropical Medicine. Akatswiri a kumeneko akhala akuyeza magazi a odwala kwa zaka zambiri. Mu lipoti la 2017 lotsogozedwa ndi Mmalawi, Patrick Musicha, anapeza kuti E. coli wokana mankhwala monga ceftriaxone, jakisoni amene zipatala zathu zimadalira, anakwera kuchoka pa wosakwana 1 pa 100 mu 2003 kufika pa 30 pa 100 mu 2016. Zifukwa zake n'zambiri: kumwa mankhwala mosalangizidwa, madzi osatetezeka, ngalande zauve, komanso ziweto zokhala pafupi ndi anthu.

ACHIMWENE: Dziko lonse likumva ululu womwewu. Kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet anawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo Africa ya kumwera kwa Sahara ndiyo inakhudzidwa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake. Katswiri wa zachuma wobadwira ku Manchester, Jim O'Neill, amene boma la Britain linamupempha kuunika vutoli mu 2014, anachenjeza kuti tikapanda kusintha, pofika 2050 imfa zoterezi zikhoza kufika 10 miliyoni pa chaka.

ACHEMWALI: Ndiye inu amene mumatumiza ndalama kumudzi kuti mlongo wanu kapena mphwanu aziweta nkhuku zoyera kapena nkhumba, muli ndi mawu pa nkhaniyi. Mukaimba foni, musangofunsa kuti anapiye afa angati ndipo phindu ndi zingati. Funsaninso zimene akuthira m'madzi akumwa. Ambiri amathira mankhwala kuyambira tsiku loyamba mpaka tsiku logulitsa, poopa kuluza. Alangizeni kuti ndalama ipite ku katemera, utuchi wouma, madzi oyera, khola lopita mphepo ndi losapanikizana. Chiweto chikadwala aitane alangizi a ziweto, ndipo akapereka mankhwala, adikire masiku olembedwa pa paketi asanaphe kapena kugulitsa nyama, mazira ndi mkaka. Nkhuku imeneyo ikathera pa chiwaya cha pamsika ndi m'mbale za ana a anzathu.

ACHIMWENE: Tikumbutsane mwachidule, omvera. Gulani nyama pamalo ovomerezeka. Nkhuku yaiwisi musaitsuke pa mpope. Chaiwisi ndi chakupsa zisakhudzane. Sambani m'manja ndi sopo. Phikani mpaka m'kati. Maantibayotiki, kaya a munthu kaya a chiweto, aperekedwe ndi wodziwa ntchito yake. Chaka chilichonse kuyambira 18 mpaka 24 November, dziko lonse limakhala ndi sabata yokumbutsana za tizilombo tosamva mankhwala. Atsogoleri a mipingo, a mizikiti ndi a magulu a Amalawi m'mizinda yathu, konzani kuti sabata imeneyo namwino kapena dokotala wa pakati panu adzalankhule ndi anthu.

ACHEMWALI: Mankhwalawa ndi amene amapulumutsa mayi wobereka pa opaleshoni, mwana wa chibayo ndi bambo wovulala pa ngozi. Tikawasamala lero, adzagwirabe ntchito tsiku limene m'bale wathu adzawafune.

ACHIMWENE: Sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzayankha mafunso anu pa nkhani ya lero, ndiye atumizeni. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)